Mutu wosamva panado: yisiti ya m'mphako za mitengo imene imalowa mu ubongo

Pa ntchito yathu ya mu labotale pali kuyeza kwina kosavuta kwambiri. Timatenga dontho la madzi a pamsana a wodwala, kulisakaniza ndi dontho la inki yakuda pa kagalasi, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Inki imadetsa ponseponse. Koma ngati wodwalayo ali ndi matenda oumitsa khosi amene ife azachipatala timangowatchula kuti crypto, mumdimamo mumaoneka timipira tating'onoting'ono, kalikonse kozunguliridwa ndi mkombero woyera umene inki yalephera kulowamo. Kampirako ndi yisiti yotchedwa Cryptococcus neoformans, ndipo mkombero woyerawo ndi chikuto chake. Ndagwira ntchitoyi kwa zaka zambiri kuno ku Nkhotakota, ndipo ndafika pokhulupirira kuti womvetsa chikuto chimenechi wamvetsa matenda onsewa. Chikutochi ndicho chimachititsa kuti mutu uwawe modetsa nkhawa chonchija, ndicho timachifunafuna poyeza magazi, ndiponso ndicho chimachititsa adokotala kuumirira zochotsa madzi a pamsana, zimene abale a odwala amaziopa koposa.

Yisiti tonse timaidziwa. Ndi imene imafufumitsa buledi ndi mandasi. Ili m'banja la mafangasi, limodzi ndi bowa komanso chuku chimene chimagwira chimanga chosauma bwino. Banja limeneli ndi lalikulu zedi, koma mitundu yodwalitsa munthu ndi yochepa, makamaka chifukwa thupi lathu limatentha madigiri 37 ndipo mitundu yambiri siitha kupirira kutentha koteroko. Yochepa imene imapirirayo ndiyo yovuta. Mu Okutobala 2022 bungwe la WHO linatulutsa koyamba mndandanda wa mafangasi oopsa, ndipo pa gulu la anayi oopsetsetsa panali Cryptococcus neoformans pamodzi ndi Candida albicans, yisiti imene imayeretsa mkamwa ndi kukhosi mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika. Chaka chomwecho akatswiri anawerengera kuti pachaka anthu pafupifupi 152,000 amadwala crypto padziko lonse, ndipo 112,000 amamwalira. Imeneyi ndi imfa imodzi mwa imfa zisanu zilizonse zobwera ndi Edzi, ndipo zoposa theka zimachitika kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Kwawo kwa yisitiyi si m'thupi la munthu ayi. Mmodzi mwa oyamba kuiona, Francesco Sanfelice wa ku Italy, anaipeza m'madzi a mapichesi osasa m'chaka cha 1894. M'zaka za m'ma 1950 Chester Emmons wa ku America anaonetsa kuti imachuluka m'zitosi za nkhunda. Kenako maso a ofufuza anatembenukira kuno kwathu. Mu 2011 Anastasia Litvintseva ndi anzake analengeza kuti aipeza m'mphako zowola za mitengo ya tsanya kummwera kwa Africa, ndipo mitundu yake inali yosiyanasiyana kwambiri moti anaganiza kuti mwina chiyambi chake chenicheni ndi Africa. Mu 2019 gulu lina linapeza mtundu watsopano wa m'bale wake, Cryptococcus gattii, m'nkhalango za miombo ku Zambia, pamalo pamene mbira zimaunjika zitosi. Nkhalango yathu yosungira nyama ya Nkhotakota nayonso ndi ya miombo, ndipo makola a nkhunda ali m'makomo ambiri kuchokera ku Linga mpaka ku Dwangwa.

Apa ndichenjeze msanga: musakagwetse khola la nkhunda kapena kuopa kukatola nkhuni. Yisitiyi imauluka ndi fumbi ndipo pafupifupi tonsefe tinaipumapo kale. Ku New York, kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti ana ambiri opitirira zaka ziwiri anali ndi zizindikiro m'magazi zosonyeza kuti anakumana nayo, chonsecho anali bwinobwino. Sipatsirana kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Ikalowa m'mapapo a munthu wachitetezo chokwanira, imaphedwa kapena kutsekeredwa pakona, ndipo imatha kugona pamenepo zaka. Ku France, mu 1999, madokotala anaona kuti odwala ochokera ku Africa amene anakhala kumeneko zaka zambiri osabwerera kwawo ankadwala ndi mitundu yosiyana ndi ya odwala a ku Ulaya, kusonyeza kuti anapita nayo ili m'thupi. Imadzuka asilikali a m'thupi akachepa, kawirikawiri CD4, chiwerengero cha asilikaliwo, ikatsika kufika pansi pa 100.

Funso limene limandigwira mtima ine ndi lakuti: kanthu kopanda maso ndi ubongo kamadziwa bwanji kuti katuluka m'mphako ndipo tsopano kali m'mapapo a munthu? Pajatu yisitiyi ikakhala pa mbale zathu za mu labotale chikuto chake chimakhala chopyapyala, koma ikalowa m'thupi chimanenepa, nthawi zina kuposa selo lenilenilo.

Yankho lili mu DNA yake. M'kati mwa selo lililonse muli malangizo ogawidwa m'zidutswa zotchedwa ma gene, ndipo yisitiyi ili nawo pafupifupi 7,000, osanjidwa pa ma chromosome 14. Onsewa sagwira ntchito nthawi imodzi. Ena amakhala chigonere mpaka utafika uthenga wowadzutsa. Pakhungu la selo pali mapuloteni omva zimene zasintha kunja, ndipo m'thupi la munthu zosintha n'zambiri. Kumatentha. Mpweya wa carbon dioxide, umene panja uli pafupifupi 0.04 peresenti, m'thupi umafika pa 5 peresenti. Ayironi amasowa, pakuti thupi limamubisa dala kuti tizilombo tisamupeze. Shuga m'mapapo ndi wochepa. Puloteni yomva ikazindikira chimodzi mwa izi imauza inzake, inzakeyo n'kuuzanso ina, mpaka uthenga utafika pa DNA, pomwe ma gene oyenera amadzuka.

Asayansi anazitulukira izi pochotsa gene imodziimodzi n'kuona chimene chawonongeka. Mu 1994 Yun Chang ndi Kyung Kwon-Chung, a ku National Institutes of Health ku America, anachotsa gene yotchedwa CAP59. Yisiti inakula ndithu koma yopanda chikuto, ndipo mbewa zimene anazibaya nayo sizinafe. Ataibwezera gene ija, chikuto chinabwerera ndipo mbewa zinayambanso kufa. Umenewu unali umboni woti ululu wa yisitiyi uli m'chikuto.

Mu 1997, ku Duke University, Andrew Alspaugh, John Perfect ndi Joseph Heitman anachita china chimene ine ndimachiona kuti n'chozama kwambiri. Iwo sanakhudze ma gene omanga chikuto. Anachotsa gene ya puloteni yonyamula uthenga, yotchedwa Gpa1. Aliyense wa kunyanja kuno amadziwa mmene usodzi wa chilimira umayendera usiku. Siginala amakhala payekha m'bwato la nyali, maso pamadzi, ndipo usipa ukasonkhana mokwanira ndiye amapereka chizindikiro kuti anyamata aponye ndi kukoka. Siginala akapanda kupita, chilimira chilipo, maboti alipo, anyamata alipo ndi mphamvu zawo, koma palibe amene amadziwa nthawi yoponya. N'zimene zinachitikira yisiti ija. Zomangira chikuto zonse zinalipo, koma ataiika pamalo osowa ayironi sinakulitse chikuto, ndipo m'nyama zoyesera inafooka. Kenako anaithirira kamankhwala kotchedwa cAMP, kamene Gpa1 imachititsa kuti kapangidwe m'selo popereka uthenga wake, ndipo chikuto chinabwerera. Mu 2001 gulu lomwelo linachotsa puloteni imene ntchito yake ndi kuletsa uthengawu kuti usapitirire muyezo. Zotsatira zake zinali yisiti ya chikuto chachikulu kwambiri, yopha mbewa msanga kuposa yachibadwa.

Kupirira kutentha nakonso kuli ndi njira yakeyake ya uthenga. Mu 1997, Audrey Odom ndi Heitman anaonetsa kuti yisiti yochotsedwa puloteni ya calcineurin imakula bwino pa madigiri 24 koma imalephera pa madigiri 37. Wina angafunse kuti nanga bwanji osapanga mankhwala otseka calcineurin? Mankhwalawo alipo kale, monga cyclosporin, koma vuto ndi lakuti nafenso anthu tili ndi calcineurin, ndipo ndi imene imadzutsa asilikali athu a m'thupi. Kumupatsa mankhwala oterewa munthu amene CD4 yake ili pa 30 n'kumumalizitsa. Apa ndi pamene pali chovuta chachikulu pa nkhondo yolimbana ndi mafangasi: maselo awo amafanana ndi athu kuposa mmene mabakiteriya amafananira nafe, choncho mankhwala opha iwo osapweteka ife ndi ochepa. Pa nkhani ya ayironi, mu 2006 Won Hee Jung ndi James Kronstad a ku Vancouver anapeza puloteni ya Cir1, imene imakhala pa DNA penipenipo. Ataichotsa, yisiti inataya chikuto komanso inavutika kukula pa madigiri 37. Njira za uthengazi zimalukanalukana, sizimayenda payokhapayokha.

Chikuto si chida chokha. Shuga akachepa, yisitiyi imadzutsa gene ya laccase n'kupanga utoto wakuda wa melanin, umene umaiteteza ku mankhwala oopsa amene asilikali athu amaithira. Utotowu imaupanga kuchokera ku zinthu monga dopamine, amene amachuluka mu ubongo, ndipo asayansi ambiri amaganiza kuti n'chimodzi mwa zifukwa zimene imakondera kumeneko. Mu 2010 magulu awiri, la Kirsten Nielsen ndi la Oscar Zaragoza, anafotokoza kuti m'mapapo maselo ena amafufuma kuchoka pa mamaikulomita 5 kapena 7 kufika ngakhale pa 100, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Selo lotere palibe msilikali wa m'thupi amene angalimeze. Timaselo tating'ono timamezedwa ndithu, koma tina sitifa. Timaberekana m'kati mwa selo lotimezalo, ndipo mu 2006 zinaoneka pa maikulosikopu kuti timatha kutulukamo osaliphulitsa. Mwanjira imeneyi msilikali amene anabwera kudzapha amatha kukhala wonyamula mdani m'magazi mpaka ku ubongo.

Nanga yisiti ya m'mitengo inaphunzira kuti zonsezi? Arturo Casadevall ndi anzake anapereka yankho mu 2001. M'dothi ndi m'mitengo yowola muli tizilombo totchedwa amiba timene timameza yisiti mofanana ndi mmene asilikali athu amamezera. Iwo anaonetsa kuti yisiti yokhala ndi chikuto imapulumuka m'kati mwa amiba, pomwe yopanda chikuto imagayidwa. Zida zimenezi, tsono, zinasulidwa kalekale polimbana ndi adani a m'dothi. Kwa yisitiyi munthu ndi ngozi chabe, pakuti ikalowa mu ubongo ilibenso njira yotulukira kuti ikafalikire kwina.

Tsopano tibwerere ku wodi, chifukwa zonsezi zimathera pa bedi la wodwala. Chikuto chija n'chopangidwa ndi mtundu wina wa shuga wolukana, ndipo yisiti imachiyoyola nthawi zonse m'magazi ndi m'madzi a pamsana. Kuyoyokaku kuli ndi ubwino umodzi kwa ife. Pali kachipangizo kotchedwa CrAg kamene kamazindikira zidutswa za chikutochi m'magazi, ndipo yankho limatuluka pa mphindi khumi. Kafukufuku wa ku Uganda wa mu 2002 anaonetsa kuti zidutswazi zimayamba kuoneka m'magazi pafupifupi masabata atatu munthu asanayambe kumva zizindikiro. Masabata atatu amenewo ndi mpata wopulumutsira moyo. N'chifukwa chake munthu amene wapezeka kumene ndi HIV, kapena amene wabwerera atasiya ma ARV, amayenera kuyezedwa CD4, ndipo ikakhala yotsika ayezedwenso CrAg ngakhale akuyenda yekha ndi kuseka.

Kuipa kwa kuyoyokaku n'kumene kumabweretsa mutu. Ubongo umapanga madzi tsiku ndi tsiku, pafupifupi theka la lita, ndipo madziwo amabwerera m'magazi kudzera m'timipata tating'ono. Maselo a yisiti ndi zidutswa za chikuto zimatseka timipata timeneti. Madzi amapitiriza kupangidwa koma kotulukira kulibe, ndipo chigaza sichifutukuka. Mutu umawawa usana ndi usiku, panado sathandiza, munthu amasanza, amaona zinthu ziwiriziwiri, makutu amagontha, ena maso amachita khungu, ena amayamba kulankhula zosadziwika. Mankhwala opha yisiti satsitsa madziwa msanga. Njira yodalirika ndi imodzi yokha: kulowetsa singano pamsana, kumunsi kumene mtsempha waukulu wa msana sufika, n'kutulutsa madzi ena, ndipo nthawi zambiri kumafunika kubwereza.

Pamenepa ndi pamene timakumana ndi abale. Mayi amagwira dzanja la dokotala n'kunena kuti, "Adokotala, chonde musawabaye pamsana bambo a kunyumbawa. Achimwene awo anawabaya chonchi, mmawa mwake anatisiya." Ine mantha amenewa sindiwanyoza, chifukwa mayiwo akunena zimene anaona ndi maso awo. Chimene sanauzidwe n'chakuti achimwene aja anafika kuchipatala matenda atadya kale ubongo, atayamba azungulira kwina konse poganiza kuti ndi malungo kapena kuti awalodza, ndipo singano inangokhala chinthu chomaliza chimene abale anachiona. Kafukufuku wa ku Uganda ndi South Africa wofalitsidwa mu 2014 anapeza kuti odwala amene anachotsedwanso madzi m'masiku oyambirira a chithandizo ankapulumuka kwambiri kuposa amene sanachotsedwe. Ndaonapo ndekha munthu amene amabuula atagwira mutu akukhala tsonga n'kupempha phala madzi atangotuluka. Ife azachipatala tili ndi udindo wokhala pansi ndi abale, pamodzi ndi mwinimbumba ngati ndiye wopereka chilolezo, n'kufotokoza za timipata totsekekati m'Chichewa chomveka, osangowaponyera pepala kuti asaine.

Ma gene a yisitiyi amafotokozanso chifukwa chimene tinatayira anthu ambiri m'zaka zapitazo. Ma ARV aulere atayamba m'dziko muno mu 2004, mankhwala a crypto amene zipatala zambiri zinali nawo anali mapiritsi a fluconazole okha. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2013 anapeza kuti odwala oposa theka amene analandira fluconazole yekha anali atamwalira pofika masabata khumi. Mankhwalawa amatseka puloteni yopangidwa ndi gene ya ERG11, imene ili pa chromosome yoyamba. Pa chromosome yomweyo palinso gene ya AFR1, imene imapanga pampu yotulutsira mankhwala kunja kwa selo. Yisiti ikapanikizika, maselo ena amangochulukitsa chromosome yonseyo kukhala ziwiri, motero amakhala ndi mapampu ambiri ndi puloteni yochuluka kuposa imene mankhwala angatseke. Izi zinaoneka mu labotale mu 2010, ndipo mu 2019 Neil Stone ndi Tihana Bicanic anazipeza m'madzi a pamsana a odwala a ku Tanzania. Anapezanso kuti fluconazole akaphatikizidwa ndi mankhwala ena a flucytosine, maselo oumira aja sachuluka. Chimene chimandipweteka n'chakuti flucytosine anapangidwa koyamba mu 1957, koma kwa zaka makumimakumi sankapezeka m'zipatala za ku Africa kumene ankafunika koposa.

Amalawi anathandiza kusintha zimenezi, ndipo n'zoyenera kuzidziwa. Kafukufuku wa ACTA, wofalitsidwa mu 2018, anali ndi odwala 721 a ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, ndipo anaonetsa kuti sabata imodzi ya amphotericin B wa mu diripi pamodzi ndi flucytosine imatsitsa imfa kufika pa 24 peresenti pa masabata khumi. Kenako kunabwera AMBITION, amene anachitika m'maiko asanu, kuphatikizapo pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mwa ofufuza munali Dr. Cecilia Kanyama ndi Prof. Henry Mwandumba. Zotsatira zinatuluka mu Malichi 2022. Diripi imodzi yokha ya liposomal amphotericin B, yotsatizana ndi masabata awiri a mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole, inagwira ntchito mosachepera pa diripi za sabata yathunthu: imfa zinali 24.8 peresenti poyerekeza ndi 28.7, ndipo kuwonongeka kwa impso ndi kuchepa kwa magazi kunali kocheperako. WHO inavomereza njirayi chaka chomwecho. Kwa chipatala cha m'boma ngati kuno, chimene chili makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Lilongwe ndipo anamwino ake ndi ochepa, diripi imodzi m'malo mwa zisanu ndi ziwiri ndi nkhani yaikulu.

Komabe 24.8 peresenti ikutanthauza kuti wodwala mmodzi mwa anayi anamwalirabe, ndipo amenewo anali m'manja mwa akatswiri a kafukufuku. Yisiti ikafika mu ubongo imakhala itadzutsa kale zida zake zonse. Odwala crypto amene timawaona masiku ano, ambiri si osadziwa kuti ali ndi HIV. Ndi anthu amene anayamba ma ARV n'kusiya. Kunyanja kuno izi zimachitika mosavuta. Msodzi amatsatira nsomba kuchoka pa doko la Chia kupita ku Makanjira, ku Nkhata Bay kapena kutsidya ku Mozambique, botolo la mankhwala n'kumuthera ali kutali, ndipo pobwerako amachita manyazi kukaonekera ku kiliniki. Mayi wogula usipa nayenso amayenda m'madoko miyezi. Wodula nzimbe nyengo ikatha amapita kwawo osatenga kalata yosamutsira mankhwala. CD4 imatsika mwakachetechete.

Kwa munthu wotere, kapena m'bale wake amene akuwerenga izi, pempho langa ndi ili: bwererani ku kiliniki, nenani zoona kuti munasiya liti, ndipo pemphani kuti akuyezeni CD4 ndi CrAg. Ngati mutu ukuwawa masiku angapo osaleka, nenani zimenezo musanalandire botolo la ma ARV. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa kafukufuku wa COAT wa mu 2014 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga munthu ali ndi crypto mu ubongo kumachulukitsa imfa. Asilikali a m'thupi akadzuka mwadzidzidzi n'kupeza yisiti ndi zidutswa za chikuto zitadzaza, nkhondo yawo imatupitsa ubongo. N'chifukwa chake adokotala amayamba ndi mankhwala a crypto n'kudikira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi asanapereke ma ARV. Akatuluka m'chipatala, wodwala amapitiriza kumwa fluconazole wa 800 mg tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi atatu, kenako 200 mg kwa chaka kapena kuposerapo, mpaka adokotala ataona kuti CD4 yakwera ndipo kachilombo ka HIV sikakuonekanso m'magazi.